Chikombole cha Bambo Chapita ku Jeremani

Osaka,
9 Febuluwale, 1934.

Okondedwa achemwali a Kum-nye,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino inu, alamu ndi ana kumeneko ku Namwon. Nanga amayi, bondo lija likuwalola kufika kuchitsime, kapena akungolamulira nyumba yonse ali chikhalire? Ine ndili moyo. Chifuwa cha chaka chatha chinatha, koma utsi wa mzinda uno sutha, choncho ndikutsokomola mofanana ndi wina aliyense.

Kalata yanu inandipeza pamodzi ndi tsabola wopera uja. Zikomo kwambiri. Mayi wa nyumba imene ndimachita lendi akuti fungo lake likuwathawitsira alendo. Ndinawayankha kuti mlendo amene wapirira nsikidzi zawo sangathawe tsabola. Chiyambire tsiku limenelo mpunga wanga ukubwera wozizira.

Ndiyambe ndi chimene mukuchidziwa kale mumtima: kuphwando la amayi la zaka makumi asanu ndi limodzi sindibwera. Kuwoloka nyanja kubwera kwathu n'kosavuta. Chovuta ndi chikalata cha apolisi chondilola kubwerera kuno. Ndapita kawiri. Koyamba anati wosindikiza chidindo wapita kukadya. Kachiwiri anandifunsa ngati ku Korea kulibe ntchito. Ndikachoka wopanda chikalatacho, pampando wanga pakhala munthu wina sabata isanathe.

Tsopano za mbale ya galamafoni ya malemu bambo. Mwalemba kuti alamu anaisiya pansi m'chipinda, mbali imene moto wotenthetsa chipinda umalowera kunsi kwa nyumba, ndipo kutacha inali itapindika ngati tsamba louma la kabichi. Mwalembanso kuti amayi sanakalipe, anangoinyamula n'kuiika m'bokosi la zovala za bambo. Kusakalipako n'kumene kwandipweteka. Ndiye mukuti popeza ndimagwira ntchito pakampani yomwe inajambula nyimboyo, ndingouza anyamata adinde ina, kuti pa tsiku la phwando bambo aimbire amayi. Achemwali, sindidziwa kuti munauzidwa ndi yani kuti kuno ndili ndi anyamata. Ntchito yanga ndi kupukuta, kukulunga ndi kulemba manambala m'chipinda chopanda zenera. Sukulu yonse ija imene bambo anaimbira m'maphwando a eni minda kuti ndiphunzire, inandigulira mpando ndi nsanza yopukutira.

Komabe ndinapita kukafunafuna, ndipo kuti mumvetse chimene ndinapeza, ndikufotokozereni pang'ono mmene mbale imabadwira. Woimba amaimbira m'lipenga, singano n'kumalemba mawu ake pa phula lofewa. Phulalo amaliviika m'thanki masiku awiri mpaka mkuwa utaliphimba. Akamatula mkuwawo, phula limawonongeka, chotsala ndi chikombole cha mkuwa. Mbale zonse zimachokera m'chikombole chimenecho, monga njerwa. Pachikombole salembapo dzina la munthu kapena la nyimbo. Pamakhala nambala yokha, yokandidwa pakati. Zikombole zoterezi m'chipinda changa zilipo zoposa zikwi zinayi, ndipo zonse nkhope yake ndi imodzi.

Ndiye pali mwambo wa makampani a mbale umene kumudzi simungaudziwe. Mbale ndi yolemera, imasweka, ndipo padoko amaikhometsa msonkho. Choncho kampani ya ku Jeremani sititumizira mbale, imatitumizira zikombole za magulu awo oimba ndi zeze za azungu. Ife timadinda konkuno, n'kumata dzina lathu pakati, ndipo madokotala ndi aphunzitsi a mu Osaka amaziguliratu zisanazizire. Pangano limati bokosi lisabwerere lopanda kanthu: akatumiza makumi atatu, ifenso titumize makumi atatu. Azunguwo sasankha kwenikweni. Amangoti tiwapatse nyimbo za kum'mawa, zilizonse, pali anthu ophunzira kwawoko amene amakonda kuzisonkhanitsa ngati agulugufe.

Lamulo lake ndi lakuti chikombole choyamba sichichoka pakhomo. Umapanga chinzake kuchokera pa icho, n'kutumiza chinzakecho. Nyimbo za Chijapani zonse amatero. Koma mwezi wa Okutobala wapitawu, bokosi litatsala pang'ono kunyamuka, zinaperewera zisanu ndi chimodzi. A Kurahashi, amene ndi bwana wanga, anati thanki ndi yodzaza ndi nyimbo zimene zikugulidwa, ndipo sangataye mkuwa ndi masiku awiri pa zinthu zimene palibe wazifunsa kwa zaka zisanu. Anatsegula buku la nyimbo za kwathu, limene limakhala m'ofesi mwawo m'mwamba, n'kulemba manambala asanu ndi limodzi pa kapepala. Kapepalako anandipatsa ine.

Mwina mwaona kale kumene ndikupita. Nambala yachinayi inali 4417-2. Ndinaitsitsa pa shelefu, ndinaipukuta, ndinaikulunga m'pepala la mafuta, ndinaiika pakati pa matabwa awiri, ndipo ndinakhoma bokosi ndi manja angawa. Ndikukumbukira kuti ndinabwereza kukulunga chifukwa pepala loyamba linali ndi kabowo. Ndinaperekeza ngolo mpaka pachipata, bokosi n'kupita kudoko la Kobe. Nambala ija inalinso pa mbale yathu ya kunyumba, timalemba ting'onoting'ono pafupi ndi pepala la pakati. Mbaleyo ndinaigwira kambirimbiri, koma ndani amawerenga nambala pa mbale ya bambo ake? Ndinadziwa sabata yathayi, nditapempha buku kuti ndifune dzina la Pyon Chun-bae. Pambali pa dzinalo panali mawu a inki yofiira akuti chinatumizidwa, ndi tsiku lake. Zolembazo zinali za a Kurahashi, koma chidindo chotsimikiza kuti katundu wapakidwa bwino chinali changa.

Ndinalowa m'ofesi mwawo chipewa chili m'manja. Ndinawauza kuti woimba uja ndi bambo anga, anamwalira zaka zinayi zapitazo, ndipo chikombole china palibe. Anavula magalasi n'kundiyang'ana ngati mpando wayankhula. Kenako anaseka, osati mwankhanza, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri. Anati, "Aa, Pyon, ndiye bwanji ukulira nkhope? Bambo ako afika ku Ulaya osalipira sitima. Ineyo bwana wako sindinafikeko."

Ndinafunsa ngati tingalembe kalata yochipempha. Anati kampani siitanitsa chimene yapereka kale, azungu angaganize kuti sitidziwa kusunga katundu wathu. Ndinafunsa ngati kumeneko akadinda angatitumizireko mbale imodzi. Anati mwina adinda, mwina sadinda, zina amangoziika m'chipinda chonga changachi. Pamenepo anatulutsa pepala limene linatsagana ndi bokosi, kuti andisangalatse. Pa nambala ya bambo analemba m'Chingerezi kuti ndi nyimbo ya anthu akumidzi a ku Japan, woimba sadziwika. Anati mayina athu azungu amawavuta, ndipo kunena zoona Korea ndi Japan si dziko limodzi kodi? Ndinawerama n'kuthokoza. Muone mmene sukulu inandiphunzitsira ulemu.

Nditatsika ndinakumana ndi a Pu. Awa ndi bambo wachikulire wa ku chilumba cha Cheju amene amayendetsa makina odinda mbale. Zala zawo zinapsa kalekale moti amagwira chitsulo chotentha ngati akugwira mbatata ya dzulo. Amanditcha Aphunzitsi, chifukwa ndimavala kolala. Atandiona anati, "Aphunzitsi, mwatani? Mwameza inki?" Nditawafotokozera sanandipepese. Anangofunsa nambala, n'kunena kuti munthu wa sukulu ndi wopusa m'njira yakeyake: ngati pali 4417-2, ndiye kuti panali 4417-1. Ka 2 kakumapetoko kamatanthauza kuti woimba anaimba kawiri, ndipo kampani inasankha kuimba kwachiwiri. Koyambako nthawi zina amakuviikabe mu mkuwa, kuopa kuti china chingawonongeke m'thanki.

Tinachipeza pansi penipeni, pa mulu wa zikombole zodikira kusungunulidwa. Chinali chobiriwira m'mphepete, koma mizere yake inali yonse. A Pu anachipenda pa kuwala n'kunena kuti chikhoza kubala mbale imodzi kapena ziwiri. Ndinawakumbutsa kuti akagwidwa akudinda chinthu chopanda pepala la bwana, awachotsa ntchito. Anati ndisawaphunzitse za kuchotsedwa, anachotsedwapo m'malo abwino kuposa ano. Lachinayi masana, anzathu atapita kukadya, anatola zidutswa za phala lakuda lopangira mbale zimene zimagwa m'mbali mwa makina, anazitenthetsa, n'kudinda. Mbale inatuluka yopanda pepala pakati, yakuda yokhayokha. Tinalowa nayo m'kachipinda koyesera mbale n'kutseka chitseko.

Achemwali, musanawerenge zotsatirazi, ana apite kunja.

Mukukumbukira mmene bambo anabwerera kuchokera kuno zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Chipewa chatsopano, nsapato zachikopa zimene zinkawaluma. Anakhala pakhonde mudzi wonse utawazungulira, n'kumasimba kuti atangotsegula pakamwa mabwana a Chijapani anaimirira, ndipo atamaliza anawachonderera kuti aimbenso kachiwiri chifukwa kukoma kunachita kunyanya. A Sok, owaimbira ng'oma aja, anangokhala pambali n'kumasuta, osawonjezera kanthu. Ife tinkati ndi nsanje. Amayi nkhani imeneyi aisimbira mdzukulu aliyense, ndi wogulitsa mchere yemwe. Munthu amene moyo wake wonse eni minda ankamudyetsera pabwalo, osamulowetsa m'nyumba chifukwa ndi woimba, anakaimiritsa mabwana kutsidya la nyanja. Amayi akhala akudya nkhani imeneyi nthawi zonse pamene mpunga unali wochepa.

Zoti anaimba kawiri n'zoona.

Phula limatenga mphindi zitatu zokha. Bambo gawo lija la nyimbo yawo, pamene mkazi akutsanzikana ndi mwamuna wake atakwera bulu, ankaliimba kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka mithunzi itatalika, anthu akuwavomereza, wina akuwapatsa chikho. Kuno anawaimika kutsogolo kwa lipenga, m'chipinda chotchinga ndi nsalu, popanda wowavomera ndi mmodzi yemwe. Pakhoma pamakhala nyale yofiira imene imayaka phula likatsala pang'ono kutha, kuuza woimba kuti amalize. Sindikhulupirira kuti analipo amene anawafotokozera bwino za nyaleyo m'chinenero chathu.

Mphindi ziwiri ndi theka zoyambirira, achemwali, simunawamvepo bambo akuimba chotero m'mbale. Mbale imene inapindika ija ndi mthunzi chabe. Apa akuyamba mosafulumira, liwu lili pansi, lokhakhala ngati mphero, monga ankachitira akadziwa kuti tsiku lonse ndi lawo. Pena amasiya mpata kuti anthu avomere, ndipo mumpatamo mumamveka a Sok okha akuti "Eya!" A Pu, amene amamva mbale mazanamazana pa sabata osatembenuka, anasiya kutafuna.

Kenako zikuoneka kuti nyale ija inayaka. Mukumva bambo akudodoma, akuyamba kuthamanga, mawu akupondana. A Sok akuyesa kuwatsatira, ng'oma ikusochera. Akafika pokwera paja, pamene anthu ankagwira mpweya, liwu likusweka ngati la tambala wamng'ono. Ng'oma ikuleka. Patali pakumveka munthu akukalipa m'Chijapani, kuti phula ndi lodula, kodi nkhalamba imeneyi ilibe maso. Ndiye pakubwera liwu la bambo, pafupi kwambiri ndi lipenga, chifukwa anali akuwerama. Akunena timawu tiwiri ta Chijapani timene ankatidziwa: pepani bwana, pepani bwana, pepani bwana. Katatu. Liwu laling'ono, lonyengerera, limene ine sindinalimvepo m'nyumba mwathu. Kenako motsitsa, m'chinenero chathu, akuti, "Sok, izi usakanene kumudzi." Basi, singano n'kumangokanda.

Tsopano ndamvetsa chifukwa chake mbale yogulitsidwa ija inkamveka ngati munthu woyenda pa madzi oundana. Anaimba ali ndi mantha, diso lili pa nyale. Imeneyo ndiyo kampani inaisankha, chifukwa inatha pa nthawi yake. Ndipo imeneyo ndiyo ili ku Jeremani yopanda dzina. Imene ili ndi liwu lawo lenileni anaitaya pa mulu wosungunula, ndipo ndiyo yatitsalira, ndi mchira wakewo.

A Pu anachotsa singano n'kunena kuti makina anawagonthetsa makutu kalekale, iwo sanamve chilichonse chakumapetoko. Kenako anatulutsa msomali m'thumba n'kundipatsa. Anati, "Aphunzitsi, kandani mizere yomalizayo. Mzere wokandidwa suyankhula." Ndinaugwira msomali uja nthawi yaitali. Koma iwo omwe anandichenjeza kuti singano ikafika pokandidwa imalumpha n'kutsetsereka, ndipo imalira moipa. Ndinaganiza za amayi atakhala kutsogolo kwa gome lawo la phwando, alendo ali chete, mbale yatsopano yochokera kwa mwana wawo wa ku Osaka n'kulira ngati nkhumba. Ndinaganizanso china, ndipo ndikuuzeni moona: m'dziko lonse lapansi palibe pena pamene pali liwu la bambo akuyankhula, osati kuimba, koma pamenepo pokha. Dzanja linakana. Ndinawabwezera msomali wawo. Anati anadziwa kale, anthu ovala kolala satha kumaliza ntchito.

Chikombole chija ndinachibwezera pa mulu, chifukwa amaziwerenga. Lolemba anabwera kudzatenga mulu wonse. Pofika lero mwina ndi waya wa magetsi. Choncho mbale imene ndikukutumiziraniyi ilibe inzake, ndipo sidzakhala nayo.

Ndaipereka kwa mayi Ok, a ku Kurye, amene akukwera sitima Loweruka kubwerera kwawo chifukwa amuna awo anavulala ku fakitale ya magalasi. Adzadutsira ku Namwon. Ili m'kabokosi ka matabwa, pakati pa thonje. Ndawauza kuti asaikhalire, asaiike pafupi ndi moto, ndipo asaipereke m'manja mwa alamu. Alamu asakhumudwe, ndanena ndi kuseka, ngakhale kuti si kuseka kokhakokha.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndi la inu nokha. Mukabwereka galamafoni kwa a sitolo ya mankhwala, pa tsikulo mukhale pambali pake ndinu. Osati alamu, osati mwana, osati mwini galamafoni amene amakonda kuonetsa kuti amaidziwa. Pa mbaleyo ndajambula mzere wa choko choyera, chala chimodzi kuchokera pakati. Amayi ndi maso awo aja sadzauona. Singano ikangofika pa mzerewo, muinyamule. Nyimbo idzakhala ili pamene mkazi uja wagwira chingwe cha bulu, mawu asanakwere. Pamenepo pali kupuma kumodzi kwa bambo, kumodzi kokha, ndiye dzanja lanu likhale lili pafupi kale. Amayi akafunsa chifukwa chake yathera panjira, muwauze kuti mbale za masiku ano amazipanga zazifupi. Adzatukwana kampani, ndipo sadzakhala atalakwa.

Adzafuna kuimvanso, ndikuwadziwa. Muwaikire kangati konse kamene angafune, koma dzanja likhale lanu. Dzuwa lisanalowe galamafoni ibwerere ku sitolo, mbale muisunge kwanu, osati m'bokosi la amayi. Adzukulu akukula, tsiku lina wina adzafuna kuwasangalatsa agogo ake inu mutapita kumsika.

Otsala ndi a Sok. Mwalemba kuti mwawaitana, ndipo n'koyenera. Koma iwo adzaizindikira ng'oma yawo isanagunde kachitatu. Adzadziwa kuti iyi si mbale ija, ndipo adzadziwa chimene chikubwera kumapeto. Ndi nkhalamba, angadzidzimuke n'kuimirira, kapena kugwetsa chikho, amayi n'kuona. Mupite kwawo tsiku lisanafike, muwatengere mowa wa mpunga ndi fodya, muwauze za mzere wa choko. Muwauzenso kuti mwana wa Chun-bae wamva zonse, ndipo akupepesa chifukwa cha zaka zonsezi zimene tinkawatcha ansanje. Munthuyo anapemphedwa chinthu chimodzi ndi mnzake, ndipo wachisunga mpaka mnzakeyo ali m'manda. Ine mwana wobala ndachisunga masiku asanu ndi atatu.

Ndakuuzani chifukwa popanda kudziwa simukanafulumira kunyamula singano. Koma kuwerenga mawu pa pepala ndi kwina, kumva liwu ndi kwina. Ndikudziwa kuti tsiku lina mudzakhala nokha ndi mbaleyo, galamafoni ili pomwepo, ndipo mudzafuna kudzimvera nokha. Musatero, achemwali. Ine ndinamva kamodzi, ndipo tsopano ndikamawerama pamaso pa a Kurahashi ndimadziwa kuti liwu limene likutuluka m'kamwa mwangali ndinalitengera kwa yani. M'banja mwathu wolimva akwane mmodzi.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, makamaka wamkulu amene ndamva kuti wayamba sukulu, kwa azakhali a kutsidya kwa mtsinje ndi kwa amalume ngati akumvabe. Nthawi yothira zikho ikafika, chikho changa muwathirire amayi ndinu, muwerame m'malo mwanga, muwauze kuti ndikuwafunira zaka zina zambiri ndi bondo lomvera.

Ndine mlongo wanu,
Pyon Tal-su.